Ndikufuna kuyamba kuphunzitsa ana anga pakhomo, ndiyambire pati?

Nangozo wa ku Linthipe analemba:

Moni nonse a m'gulu muno. Pepani ndilemba zambirimbiri koma nkhaniyi yandisowetsa tulo ndiye ndati ndifunse kuno mwina alipo amene anadutsamo. Ndili ndi ana awiri, wamkazi wa zaka 7 ali Sitandade 2, wamwamuna akwanitsa zaka 6 chaka chamawa ndiye kuti nayenso nthawi yoyamba sukulu yamukwanira. Timakhala cha ku Linthipe kuno koma osati pamsewu ayi, mkati ndithu kumene bambo awo amayang'anira munda ndi ng'ombe za mkaka za abwana awo, sukulu ili patali ndipo pali kamtsinje pakati kamene dzinja kakadzaza mwana sangawoloke, amangokhala pakhomo mpaka madzi aphwere. Nyengo yozizira nayo mukuidziwa Dedza, June ndi July mwana kudzuka mbandakucha chifunga chili paliponse, pofika uko zala zili gwa kulephera kugwira pensulo.

Koma chimene chandiwawa kwenikweni si mtunda. Mwanayu akumaliza Sitandade 2 koma sawerenga. Buku lake analiloweza, ukatsegula tsamba akangoona chithunzi amayamba kutchula zonse bwinobwino iwe n'kumati eee mwana wanga ndi dolo, koma umulembere mawu omwewo papepala lina amangokuyang'ana. Sindikuwanena aphunzitsi ayi, ndinapitako ndinakaona ndekha, kalasi yadzaza mpaka pakhomo, ana ali pansi mothithikana, madamu ali okha, olo ndikanakhala ine sindikanatha kuona kope la mwana aliyense.

Ine MSCE ndinalemba ndipo ndinakhoza, kungoti ku koleji sindinapite. Ndili ndi kaokala pakhomo pompano kamene kamayenda madzulo, m'mawa ndimakhala ndi mpata. Ndinamva kuti kuli makolo ena, makamaka m'tauni, amene amaphunzitsa ana awo okha pakhomo osawatumiza ku sukulu, ndiye maganizo andibwerera akuti bwanji nanenso ndiyese. Bambo awo akuti zili ndi iwe bola usadzandinene ine mawa, apongozi anga akuti ndayamba matama, ati mwana amaphunzira pakati pa anzake.

Ndiye ndithandizeni. Kodi zimenezi n'zololedwa kapena ndidzapezeka ndili pabwalo kwa amfumu? Mabuku ndiwapeza kuti? Tsiku limayenda bwanji, ndiwakhazike pansi maola angati? Nanga akadzakula mayeso a Sitandade 8 adzalemba bwanji poti alibe sukulu? Amene munayesapo ndiuzeni zoona zokhazokha, zokoma ndi zowawa zomwe.

---

Mphunzitsi Wopuma, Ntcheu anayankha:

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Ine ndaphunzitsa ku pulaimale moyo wanga wonse, kwambiri makalasi ang'onoang'ono, mpaka ndinapuma, ndiye ndikuuzani mmene ndikuonera.

Choyamba musamuchotse mwana mwakachetechete. Maphunziro a pulaimale anakhala aulere mu 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti ndi okakamiza, ndiye mwana akangosowa m'kalasi anthu ali ndi chifukwa chobwera kudzakufunsani. A komiti ya sukulu adzabwera, amayi a mother group adzabwera, ndipo midzi yambiri masiku ano ili ndi malamulo ake olipiritsa makolo amene ana awo akungokhala. Kwanu ku Dedza nkhaniyi saitenga mwamasewera, mukudziwa ntchito imene Inkosi Theresa Kachindamoto anagwira yothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera ku sukulu, ndiye mwana wamkazi akasiya kuoneka ku sukulu anthu saganiza kuti akuphunzira pakhomo ayi, amaganiza zina. Pitani kwa ahedi mukafotokoze pulani yanu, kenako kwa a PEA, alangizi oyang'anira sukulu za pulaimale m'zoni yanu, ku ofesi yawo ya ku TDC, akakutumizani ku ofesi ya maphunziro pa boma pitani ndithu. Chilichonse chimene angakuuzeni muwapemphe akulembereni papepala, pakamwa pokha munthu amasamutsidwa mawa wobwerayo n'kukukanani. Amfumu nawo adziwe.

Ndipo maganizo anga ndi akuti dzina la mwana lisachoke kaye m'kaundula. Yambani pa holide ikubwerayi ndi masiku amene mtsinje wadzaza, muone ngati inuyo mungathe, chifukwa amene akuyesedwa pano si mwana koma inu. Teremu imodzi ikatha mudzadziwa nokha.

Za mabuku, amene amalemba silabasi ndi mabuku a sukulu za boma ndi a MIE ku Domasi, ndiye tsatirani amenewo, osati kugula buku lililonse lokongola pa msika. Pali buku la ophunzira ndiye pali buku la mphunzitsi. Makolo ambiri amathamangira la ophunzira chifukwa ndi limene amaliona m'chikwama cha mwana, koma kwa inu lofunika kwambiri ndi la mphunzitsi, muli phunziro lililonse mwatsatanetsatane, choyamba chita chakuti kenako chakuti, mpaka mafunso ofunsa ana. Mabuku a boma si ogulitsa, musagule kwa munthu amene wawatulutsa pawindo, koma mukagwirizana bwino ndi ahedi kapena a PEA akhoza kukubwerekani kapena kukulolani kukopera. Mufunsenso kuti chaka chino akugwiritsa ntchito ati chifukwa zinthu zimasintha.

Tsopano nkhani yeniyeni, kuwerenga. Zimene mwafotokozazo ndaziona kambirimbiri, mwana amafika Sitandade 4 akuimba buku osati kuwerenga, ndipo mwana wochenjera ndi amene amanamiza bwino chifukwa mutu wake umagwira msanga. Bisani kaye buku la zithunzilo. Bwererani pa chiyambi penipeni osachita manyazi kuti ali Sitandade 2. Muphunzitseni liwu la lembo, osati dzina lake, m akhale mmm osati emu, n akhale nnn osati eni. Ndipo musayambe a b c d mpaka z, aphunzitsi a Sitandade 1 timatsata malembo amene amapezeka kwambiri m'Chichewa, timangoti anikumeto, ndiye kuti a, n, i, k, u, m, e, t, o. Ubwino wake malembo ochepa omwewa mwana amayamba kupanga nawo mawu enieni msanga: ana, ine, mutu, moto, mano, kuno, atate. Pakutha pa malembo 9 amenewa akhoza kuwerenga yekha chiganizo chonse ngati "atate akumeta ana" ndipo mudzaona nkhope yake tsiku limenelo. Dulani katoni ya sopo ya mu okala yanuyo tizidutswa, pa kachidutswa kalikonse lembani phatikizo limodzi, ma, me, mi, mo, mu, ka, ke, ndiye muziyala pamphasa iye azilumikiza, mo ndi to, mu ndi tu, kenako musokoneze ayambirenso. Mawu ena mupange opanda tanthauzo dala ngati "timo" kapena "nuke", akawerenga amenewo ndiye kuti akuwerengadi chifukwa palibe poloweza. Chichewa chathu n'chokoma pamenepa, chimalembedwa mmene chimamvekera, mwana akagwira maphatikizo wagwira zonse. Pamene amavutika ndi pa maphatikizo a malembo ambiri, nkh, mph, nth, ng', ts, dz, amenewo muwasiyire kumapeto ndipo mupite nawo pang'onopang'ono.

Kaphunzitsidwe kake n'kosavuta, muyambe inu iye akuona, kenako muchitire limodzi, kenako achite yekha inu mutatseka pakamwa. Gawo lomalizali ndi limene limavuta makolo, mwana akangokakamira pang'ono mayi amuuza kale yankho. Werengani chamumtima mpaka 5 musanamuthandize.

Masamu musagule kanthu. Zitsekerero za mabotolo, nyemba, timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi kuti amvetse kuti 23 ndi mitolo iwiri ndi timitengo titatu. Akamvetsa zimenezo kuwonkhetsa ndi kuchotsera kwa manambala akuluakulu sikudzamuvuta.

Za maola, musatengere sukulu. Ku sukulu nthawi yambiri imathera pa asembule, kuitana maina, kukhazika ana chete ndi kuchonga makope. Inu muli ndi ana awiri basi. Kwa mwana wa zaka 7 maola awiri m'mawa akwana, owadula pakati kuti athamangeko, wamng'onoyo mphindi 20 kapena 30 zamukwanira, zotsalazo azijambula ndi kuumba dongo. Koma zikhale tsiku lililonse nthawi yomweyomweyo, Lolemba mpaka Lachisanu, okala ikhale yotseka olo kubwere kasitomala wa mchere.

Chomaliza, sungani makope onse ndipo tsamba lililonse lizikhala ndi deti. Tsiku limene mudzafune kumubwezera ku sukulu ahedi adzafuna kudziwa kuti amuike kalasi iti, makopewo ndi amene adzakuyankhulireni.

---

Wa Kachewere pa Lizulu anayankha:

Kkkkk asisi inu mwaiwala 2020? Sukulu zinatsekedwa pa 23 March chifukwa cha Covid, tonse tinasanduka aphunzitsi, ine ndinagula mpaka choko ndi kabolodi, sabata yoyamba ana ali pamzere ine ndili kutsogolo ngati hedimasitala, sabata yachitatu bolodi lija tinkalembapo ngongole za anthu otenga kabichi. Pofika nthawi yotsegulira wanga wamkulu anali katswiri wokweza matumba a kachewere pa lole koma matebulo a masamu onse anali atauluka.

Sindikunyoza ayi koma tiyeni tinene zoona, zophunzitsa pakhomozi zimawayendera anthu amene wina akugwira ntchito ya malipiro abwino wina n'kukhala pakhomo opanda china chochita. Ife kuno pakhomo pali maliro, pali chinkhoswe, pali kupalira, pali kukolola, mwana akudwala upite naye ku chipatala tsiku lonse lathera pamzere, alendo afika osanena. Sukulu olo ikhale yodzaza bwanji belu limalira tsiku lililonse kaya kwanu kwagwa zotani. Inu mukadwala malungo sabata yathunthu belu lanu aliza ndani?

Komanso pali zinthu zimene mwana amapeza uko zimene inu simungampatse. Sukulu zambiri kuli phala. Zina zalandira matabuleti a pulogalamu ya BEFIT aja, ana amaphunzirapo kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, funsani ngati kwanuko afika musanamuchotse. Kuli mpira, kuli kwaya, kuli kukangana ndi anzake n'kugwirizananso popanda mayi kulowererapo. Apongozi anuwo pamenepo sananame.

Ine ndikanakhala inu ndikanamusiya ku sukulu, madzulo kapena m'mawa wa Loweruka n'kumachita zimene anena aphunzitsi pamwambapa. Vuto lanu ndi kuwerenga, ndiye konzani kuwerengako, osati kugwetsa nyumba yonse chifukwa cha pamene pakudontha. Za mtsinjezo kambiranani ndi makolo anzanu muzisinthana kuperekeza ana, kapena dzinja azikagonera kwa achibale kufupi ndi sukulu ngati alipo.

---

Mama Atatu, Dedza boma anayankha:

Achimwene a ku Lizulu mwandiseketsa koma si onse amene bolodi lawo linathera ngongole kkkk. Ine ndimaphunzitsa anga atatu pakhomo ndipo tinayambira nthawi ya Covid yomweyo, sukulu zitatsegulidwa sitinabwererenso. Ndiye achemwali a ku Linthipe ndikuuzeni mmene zilili mkatimu.

Zimene anena zoti pakhomo pamagwa zambiri ndi zoona, ndipo njira imene inatipulumutsa ife ndi yoti tisakhale tokha. Tinapezana mabanja angapo a mumpingo mwathu amene tinali ndi maganizo ofanana, masiku ena aliyense amaphunzitsa ake kwake, masiku ena ana onse amakumana nyumba imodzi. Wina amadziwa bwino masamu, ine ndimatenga Chingerezi ndi Chichewa, ndipo tinasonkherana n'kupeza mtsikana amene anamaliza kozi ya uphunzitsi koma akudikira kulembedwa ntchito ndi boma, amabwera kudzathandiza sayansi ndi kuona ngati tikuyenda limodzi ndi silabasi. Oterewa alipo ambiri m'midzimu, ena anaphunzira pa St Joseph's ku Bembeke pompa, ndipo amadziwa njira zatsopano kuposa ife. Mukapeza mmodzi kufupi ndi kwanu olo azibwera kamodzi pa sabata zidzakuthandizani kwambiri, makamaka kuti pakhale munthu wina wakunja amene angakuuzeni mosanyengerera kuti mwana wanu apa sakudziwa, chifukwa mayi maso ake amakondera.

Tsiku lathu limayamba ntchito za pakhomo zikatha, kusesa, kutsuka mbale, kusamba, kudya, ndipo amavala zovala zabwino osati zogonera olo sakutuluka pageti, izi zikuoneka zazing'ono koma mwana akakhala ndi zogonera mutu wake umakhalanso uli pabedi. Foni yanga imakhala kuchipinda. Timayamba ndi masamu mitu ikadali yozizira, kenako kuwerenga ndi kulemba, tikapuma ndiye phunziro limodzi la enawo mosinthasintha. Ikamakwana 12 tamaliza. Wamkulu amapitiriza yekha masana chifukwa zake zachuluka.

Chimene palibe anandiuza ndi choti mwana wako sakuopa ngati mmene amaopera madamu a ku sukulu. Adzalira, adzati mutu ukupweteka, adzapempha madzi kasanu, adzakufunsa kuti bwanji mukundizunza pamene anzanga akusewera. Ndipo iwe mtima umakwera msanga chifukwa ndi wako, umaona ngati akuchitira dala. Ine ndinaika lamulo loti ndikaona kuti mawu anga ayamba kukwera timatseka buku, aliyense apite panja, tibwerere pakapita mphindi khumi. Mwana amene wakalipiridwa pa tsamba lina amadana nalo tsambalo mpaka kalekale. Mwezi woyamba ndi wowawa, pambuyo pake amazolowera kuti mayi sasintha.

Za silabasi muganize msanga kuti mukulowera kuti. Ife tinasankha ya boma chifukwa tikufuna adzalembe mayeso a MANEB. Alipo anzathu amene amatsata silabasi ya ku Mangalande ya Cambridge, ana awo amadzalemba mayeso a IGCSE kudzera ku British Council ku Lilongwe, ena amatsata ya ACE ya timabuku tija mwana amadzaza yekha imene sukulu zina za mipingo zimagwiritsa ntchito. Zonsezo ndi zabwino koma ndalama zake si zamasewera, mabuku ochokera kunja, mayeso olipira phunziro lililonse palokha ndipo mtengo umayenda ndi ndalama zakunja, kwacha ikagwa nawenso wagwa. Kwa ana a zaka zanuzo musadzivutitse nazo, ya MIE yakwana.

Pa foni pali Khan Academy Kids, ndi yaulere, ya Chingerezi, imathandiza mwana kumva katchulidwe, koma imafuna bandulo kuti muitsitse ndiye ngati netiweki kwanuko ndi yosaka pachulu muzikatsitsa mukabwera pa boma. Ine ndimawapatsa pang'ono pokha akamaliza ntchito, foni si mphunzitsi.

Chimene ndimachikonda kwambiri n'choti timatha kutuluka tsiku lapakati pa sabata. Dedza yathuyi ili ndi zinthu zimene ana a ku Blantyre amangoziwerenga m'buku. Tinapita nawo ku Chongoni kukaona zojambula za pamiyala zija, malo amene a UNESCO anawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006, ana anaona okha kusiyana kwa zofiira za Akafula ndi zoyera zimene anajambula Achewa, pobwera wapakati anakhala masiku akujambula nyama zake pakhoma la bafa ndi makala mpaka ndinachita kumuletsa. Ku Mua kuli Chamare Museum, mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao yonse ili mmenemo. Olo pa Dedza Pottery kungoona mmene dongo limasandukira kapu. Inuyo muli ndi khola la ng'ombe za mkaka pakhomo, amenewo ndi masamu a tsiku lililonse, malita a m'mawa kuwonkhetsa a madzulo, sabata yonse akhala angati, mwana azilemba yekha m'kope lake. Mu okala muzimupatsa kuti abweze chenji inu mukuyang'ana.

Za anzawo musade nkhawa kwambiri ngati muli pamudzi, ana akaweruka ku sukulu masana amadzaza pabwalo, phada, fulaye, mpira wachikulunga, Sande sukulu, zonsezo azipita. Amene amavutika ndi a m'mipanda ya m'tauni. Koma kumene muliko mwati ndi mkati mwa famu, ndiye muone ngati pali ana ena pafupi, ngati palibe pamenepo ndiye pofunika kuganizapo bwino.

Anthu adzakunenani, zimenezo konzekeranitu. Ine ananditcha wa mpingo wachilendo, ena ankati ndikubisa ana chifukwa ali ndi vuto. Apongozi musakangane nawo, tsiku lina mwana akayamba kuwerenga mungomutuma akawawerengere vesi kapena uthenga wa pafoni pawo, nkhani idzathera pomwepo.

---

Nangozo wa ku Linthipe anayankha:

Eee zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti mundiyankha mozama chonchi. Aphunzitsi, ndayesa madzulo ano zimene munanena, ndinalemba "timo" ndi "nuke" pa katoni, mwana anayang'ana n'kunena kuti mayi mawu amenewa sitinaphunzire. Ndiye mwalasa penipeni. Makatoni ndadula kale, wamng'onoyo ndi amene akuoneka kuti wasangalala nazo kuposa mkulu wake.

Achimwene a ku Lizulu sindinakwiye ayi, funso lanu la malungo lija landikhudza chifukwa chaka chatha ndinagonadi ndipo pakhomo zonse zinaima. Achibale kufupi ndi sukulu tilibe, kwathu ndi ku Mayani. Ana ena pafamu pano alipo, a anzawo a bambo awo ogwira nawo ntchito, ndipo nawonso dzinja amajomba chimodzimodzi, ndiye zimene anena Mama Atatu zandipatsa nzeru yoti ndikambe ndi amayi awo mwina tikhoza kumawasonkhanitsa.

Koma za mayeso sindinamvebe bwino. Mwana amene sali pa sukulu iliyonse amalembetsa bwanji Sitandade 8? Ndipo Chingerezi changa ndi cha MSCE basi, cholemba ndimatha koma choyankhula chimandithawa, sindimuwononga mwana?

---

Kalaliki wa pa Kampepuza anayankha:

Mayi, ine ndinagwirapo ntchito mu ofesi ya sukulu ndiye za mayeso ndiyankheko. Mayeso a Sitandade 8, otchedwa PSLCE, amakonza ndi a MANEB ku Zomba ndipo mwana salembera pakhomo kapena kulembetsa yekha ngati mmene mumagulira yuniti, dzina lake limayenera kudzera pa sukulu imene ili senta ya mayeso, kumeneko ndi kumene amajambulitsa chithunzi cha chiphaso ndi kulandira nambala yake. Kalembera amachitika miyezi yambiri mayeso asanafike, ndiye munthu amene wabwera mochedwa amauzidwa kuti dikirani chaka chamawa. Mapepala ake ndi Chingerezi, Chichewa, masamu, sayansi, social pamodzi ndi za chipembedzo, ndiye arts and life skills. Kupatula Chichewa onsewo amafunsidwa m'Chingerezi.

Nkhani yaikulu si kukhoza kokha koma kusankhidwa, chifukwa mayeso omwewo ndi amene amagawa ana kuti uyu apite ku sekondale ya national ngati Dedza Government, uyu ku boarding ya m'boma, uyu ku sekondale yoyendera ya CDSS yapafupi. Ndiye malangizo anga, phunzitsani pakhomo makalasi a m'munsiwa ngati mwatsimikiza, koma pofika Sitandade 6 kapena mochedwetsetsa 7 mwana alowe sukulu, dzina lake likhale m'kaundula bwinobwino, azolowere kulemba mayeso a teremu ndi ma mock pakati pa anzake wotchi ikuyenda. Mwana wophunzira yekha nthawi zambiri amadziwa zinthu koma sadziwa kuthamanga ndi nthawi, pakhomo mayi amamudikira amalize. Komanso pofika msinkhu umenewo miyendo yatalika, mtunda ndi kamtsinje kaja sizikhalanso nkhani ngati panopa.

Mukapita kwa a PEA mufunse funso limeneli mwachindunji, kuti mwana wanga akadzabwerera mudzamulandira ndi chiyani poti sadzakhala ndi kalata ya transifa, ndipo mudzamuyesa bwanji kuti mumuike kalasi yoyenera. Yankho lake likhale papepala lija anena aphunzitsi. Satifiketi yobadwira ya ku NRB, ofesi yopereka ziphaso za unzika, ngati ana alibe yambani kuitsata panopa, ndipo dzina lilembedwe mofanana paliponse, ndaona ana akuvutika chifukwa kope likuti dzina lina chiphaso chikuti lina.

---

Mphunzitsi Wopuma, Ntcheu anayankhanso:

A Kalaliki anena zoona, ndikugwirizana nawo pa Sitandade 6.

Za Chingerezi mayi musaope, simumuwononga. Aphunzitsi ambiri amene anaphunzitsa madokotala a dziko lino Chingerezi chawo chinali ngati chanu chomwecho. Chofunika ndi ndondomeko. Ayambe wagwira kuwerenga m'Chichewa, chifukwa mwana amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha, akadziwa kuti malembo amayankhula luso lomwelo amalitengera ku chilankhulo china. Pakadali pano Chingerezi chizilowa ndi m'makutu, moni, maina a zinthu za m'nyumba, timalamulo tating'ono ngati tseka chitseko, bweretsa kapu, tinyimbo, mphindi 15 patsiku. Kuwerenga Chingerezi kubwere akayamba kuwerenga Chichewa mosadodoma, ndipo mudzamuchenjeze kuti uku malembo amanama, a wa mu "cat" si a wa mu "cake". Dziwani kuti kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa amakhala m'Chingerezi, ana ambiri amagwera pamenepo, ndiye Sitandade 3 ndi 4 muzidzamuwerengera nkhani zazifupi za Chingerezi mokweza tsiku lililonse, nanunso lilime lidzamasuka pomwepo.

Ana a anzanuwo atengeni koma asapitirire asanu kapena asanu ndi mmodzi, mukachulukitsa mwatsegula sukulu ndipo imeneyo ndi nkhani ina imene imafuna chilolezo cha boma. Muyambe ndi a ndi n mawa, lembo latsopano lisabwere lakale lisanakhazikike, ndipo Lachisanu lililonse muzimupatsa mawu khumi amene sanawaonepo, muzilemba m'kope kuti wakhoza angati. Pakatha mwezi mudzatiuze manambalawo muno tidzaone ngati mupitirire ku k ndi u kapena mubwereze.